Chaka cha 1796 pansi pa 1793: kuzindikira makobidi a mkuwa a ku Russia odindidwa pamwamba pa anzake

Funso: Ndimasonkhanitsa ndalama zakale zachitsulo, ndipo ndagula makobidi awiri a mkuwa a ku Russia. Loyamba ndi la makopeki 2, chaka 1763, zilembo MM, lolemera magalamu 19.4. Pafupi ndi kavalo pakuoneka kanyenyezi ndi tizidutswa ta zilembo zopingasa, ndipo mumkombero mwake muli mawu. Lachiwiri ndi lalikulu, la makopeki 5, chaka 1793, zilembo EM, magalamu 49, koma ndikaliunika ndi tochi ndikuona 96 pamalo pomwe sipayenera kukhala nambala. Mnzanga akuti onse ndi achinyengo chifukwa chaka cham'tsogolo sichingakhale pansi pa chaka cham'mbuyo. Kodi andipusitsa?

Yankho: Musafulumire kuwataya, bambo. Zonse mwafotokozazi n'zimene zimapezeka pa makobidi enieni a nthawi imeneyo, ndipo 96 amene wadabwitsa mnzanuyo akuchitira umboni khobidilo, sakulitsutsa. Mfundo ya mnzanuyo ndi yabwino, ndipo imagwira achinyengo ambiri, koma imafuna kuti munthu adziwe chaka chimene khobidi linadindidwadi, chomwe nthawi zina chimasiyana ndi cholembedwa pamenepo.

Tiyambe ndi sikelo, chifukwa ndiyo imachepetsa ntchito. M'zaka za m'ma 1700 boma la Russia linkaika lamulo loti pa muyezo umodzi wa mkuwa wotchedwa pud, womwe ndi makilogalamu 16.38, patuluke ndalama zokwana maruble akutiakuti. Ruble imodzi ndi makopeki 100. Nkhondo ikadya chuma ankakweza nambalayo kuti mkuwa womwewo ubale ndalama zambiri. Anthu akasiya kuzikhulupirira, kapena osula zachinyengo akachuluka, ankaitsitsa. Kusungunula makobidi mamiliyoni n'kusulanso mkuwawo inali ntchito yodula ndiponso yochedwa, choncho chapafupi chinali kutenga khobidi lakale n'kulipana pakati pa zidindo zatsopano. Osonkhanitsa a ku Russia amati perechekan, ndipo mawu amenewa mudzakumana nawo m'makatalogi ndi pamalonda.

Kudinda sikusintha kulemera. Ndiye chifukwa chake khobidi lililonse lili ndi mzere wake wa makolo amene lingachokereko, ndipo mzerewo mungawuwerengere nokha. Pa maruble 16 pa pud, gawani magalamu 16,380 ndi makopeki 1,600, mupeza magalamu 10.24 pa kopeki imodzi. Makopeki 2 ndi magalamu 20.48, makopeki 5 ndi 51.19. Pa maruble 32 chilichonse chimakhala ndi mtengo wowirikiza kawiri pa kulemera komweko. Pa maruble 8 kopeki imodzi yokha ikulemera 20.48. Pa maruble 40 makopeki 5 akulemeranso 20.48. Mwaona kuti nambala ya 20.48 yabwera kangapo. Sizinangochitika mwangozi: amene ankakonza malamulowo ankasankha dala miyezo yolola kuti zakale zidindidwenso.

Mzere wa khobidi lanu loyamba ndi wautali kuposa yonse. Unayamba ndi makopeki 5 a 1723 mpaka 1730, pa maruble 40 pa pud. Mbali imodzi ili ndi mtanda wopangidwa ndi mizere, momwe munalembedwa mtengo ndi chaka, ina ili ndi kachiwombankhanga kakang'ono m'kati mwa kabwalo, kozunguliridwa ndi madontho asanu. Mkuwa wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi mtengo wolembedwapo, moti achinyengo anawasula mwaunyinji. Boma linawatsitsa kufika pa makopeki 4 mu 1744, 3 mu 1745, 2 mu 1746, kenako kuyambira 1755 mpaka 1757 linawadinda kukhala kopeki imodzi ya maruble 8 pa pud, ija ya chiwombankhanga chili m'mitambo chitagwira chishango chokhotakhota. Mu 1757, nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri ili m'kati, muyezo unapita pa maruble 16, ndipo makopeki a mitambo aja anasanduka makopeki 2 a Mfumukazi Elizabeth, okhala ndi George Woyera ali pakavalo akubaya chinjoka. Mu 1762 Mfumu Peter III anatsata ganizo la Pyotr Shuvalov, mmodzi wa akuluakulu a boma la Elizabeth, la maruble 32: makopeki 2 anakhala 4, makopeki 5 anakhala 10, kopeki imodzi inakhala 2. Makobidi a chaka chimenechi savuta kuwazindikira, chifukwa kumbuyo kwake kuli mulu wa zida zankhondo, ng'oma, mizinga ndi mbendera, ndipo kutsogolo kuli nyenyezi zochuluka molingana ndi mtengo wake. Peter III anachotsedwa pampando chaka chomwecho, ndipo kuyambira 1763 Catherine II anabweza zonse pa maruble 16. Makopeki 4 anabwereranso pa 2.

Choncho pansi pa makopeki 2 a 1763 pakhoza kukhala zodinda zinayi zakale, ndipo ngati khobidi loterolo linagwidwanso m'ntchito ya 1796 ndi 1797, limakhala litapanidwa kasanu ndi kawiri. Mzere wa magalamu 51 ndi waufupi, popeza makopeki 5 aakuluwa anayamba kutuluka ambiri mu 1758. Pansi pawo simungapeze mtanda kapena mitambo, ndipo wina akakuuzani kuti akuona zimenezo pa khobidi la magalamu 50, ndiye kuti akuona zimene mtima wake ukufuna.

Sikelo musaikhulupirire mopitirira. Mkuwa ankauyeza mwa mulu, osati khobidi limodzilimodzi, motero lalikulu likhoza kuposa kapena kuperewera ndi magalamu angapo lili lenileni, ndipo kutha ndi dzimbiri zimachotsanso pang'ono. Magalamu 19.4 ndi 49 ali bwinobwino m'malo mwake. Ntchito ya sikelo ndi kukuuzani mzere, basi.

Musanayambe kusaka zotsalira, dziwani mmene zimatsalira, apo ayi mudzayang'ana pamalo polakwika. Pachidindo, malo osalala ndiwo otukuka, ndipo chithunzi ndi chokumbika. Chidindo chikatsika, malo osalala aja ndiwo amayamba kugunda, n'kuphwanya zilembo ndi zithunzi zakale. Zimene zaphwanyidwazo sizitheratu. Zimasiya mzere wopyapyala wozungulira pomwe panali chilembo, wopanda msinkhu, wooneka pokhapokha kuwala kukabwera chapambali. M'malo okumbika a chidindo mphamvu imafika yochepa, choncho pamwamba pa chithunzi chatsopano, monga pa thupi la kavalo, pa chifuwa cha chiwombankhanga kapena pa masamba a nkhata, nkhope yakale imapulumuka ili ndi msinkhu wake. Malo achitatu ndi kufupi ndi mphepete. Makina a nthawi imeneyo analibe mphete yogwira khobidi m'mbali, moti mkuwa unkatambasuka, ndipo khobidi likakula kuposa chidindo, kunja kwake kunkatsala kosagundidwa. Pachifukwa chomwechi lodindidwa kangapo limakhala lotambalala ndi lopyapyala kuposa anzake, kawirikawiri silikhala lozungulira bwino, ndipo m'mbali mwake mumakhala ming'alu yoloza pakati, chifukwa mkuwa umauma ukapanidwa mobwerezabwereza.

Zida zake n'zochepa: sikelo yowerenga mpaka 0.1 ya galamu, choyezera mamilimita, galasi lokulitsa kasanu mpaka kakhumi, ndi tochi yaing'ono ya babu limodzi. Galasi lamphamvu kuposa apa limasokoneza, chifukwa mumaona maenje a dzimbiri koma mawonekedwe a chilembo chonse amakuthawani. Zimitsani magetsi a m'chipinda, goneketsani khobidi pansalu yakuda, ndipo tochi ikhale pafupifupi mogona, ngati madigiri 10 mpaka 20 kuchokera patebulo. Tochi isasunthe. Muzizunguliza khobidilo pang'onopang'ono mpaka litakwanitsa ulendo wonse, chifukwa mzere wosalala umaoneka kuwala kukaudula mopingasa ndipo umabisala kuwala kukayenda motsatira utali wake. Jambulani ndi foni kanayi, kuwala kukuchokera mbali zinayi, kenako chotsani mitundu pachithunzi kuti chikhale chakuda ndi choyera. Zambiri zimene diso linaphonya zimatulukira pamenepo.

Mukapeza chidutswa chimodzi chodziwika, chikhale nangula wanu. Tengani chithunzi cha khobidi lomwe mukuliganizira kuti ndilo lili pansi, chizungulizeni mpaka chidutswacho chigwirizane, kenako funsani: ngati ng'oma ili apa, chaka chiyenera kukhala pati? Mukapita pamalo amenewo n'kupeza nambala, nkhani yatha. Ogwira ntchito ankangoponya makobidi m'makina mmene agwera, ndiye chithunzi chakale chikhoza kupendekera mbali iliyonse, ndipo kutsogolo kwakale kukhoza kukhala pansi pa kumbuyo kwatsopano. Koma mbali ziwirizo ziyenera kugwirizana. Mukapeza ng'oma ya 1762 kumbali imodzi, nyenyezi zake muzifune kumbali inayo.

Pali chizindikiro chimodzi chothandiza kwambiri kwa munthu wosawerenga Chirasha. Pa makopeki 2 ndi 5 wamba a Elizabeth ndi Catherine, mtengo unalembedwa pa riboni yopindika, ndipo chaka chinagawidwa pawiri, 17 kumanzere kwa zilembo zolukana za dzina la mfumukazi, manambala enawo kumanja. Palibe mawu oyenda mumzere wowongoka. Ndiye mukaona zilembo zikuluzikulu zoyenda mowongoka pakati pa khobidi, kapena chaka cholembedwa pamodzi manambala onse anayi, n'zochokera pansi. Pa makobidi a 1762 mawu oyenera kuwaloweza ndi ЧЕТЫРЕ, kutanthauza zinayi, ndi ДЕСЯТЬ, kutanthauza khumi. Ngakhale zilembo ziwiri zoyandikana zimakwanira.

Tibwere ku khobidi lanu la 1763. Kanyenyezi ndi zilembo zopingasa zikuloza ku makopeki 4 a 1762, ndipo zilembo MM zikuvomereza. MM ndi Moscow, СПМ ndi St Petersburg, ndipo m'zaka za 1763 mpaka 1767 ntchito yaikulu ya mkuwa m'malo awiriwa inali kudindanso zakale, pamene Ekaterinburg, ya zilembo EM, inali pafupi ndi migodi ya kumapiri a Ural ndipo inkasula zambiri pa mkuwa watsopano. Choncho makopeki 2 a MM okhala ndi zotsalira sachititsa chidwi pawokha. Chochititsa chidwi ndi kuchuluka kwa zimene mungawerenge. Pa makopeki 4 nyenyezi ndi zinayi, zili mozungulira kavalo chakumphepete, ndiye fufuzani zinzake zitatu. Pakhoza kuonekanso miyendo ya kavalo wachiwiri kapena mkondo wachiwiri wopendekera kwina, ndipo apa samalani, chifukwa George Woyera ali pa makopeki 2 a Elizabeth, pa makopeki 4 a 1762, ndi pa makopeki 2 a Catherine. Kavalo wachiwiri yekha sakuuzani kuti ndi wa chaka chiti. Nyenyezi, ng'oma, ndi mawonekedwe a zilembo zolukana ndizo zimasiyanitsa. Za mtanda ndi mitambo yang'anani komaliza: mizere iwiri yowongoka yoyenda limodzi, yodutsana ndi ina iwiri, ndi ya mtanda wa m'ma 1720, ndipo timizere tokhota ngati mamba tounjikana pamodzi ndi mitambo ya 1755 mpaka 1757.

Mkombero ndi mboni imene ambiri amaiiwala, chonsecho ndi yosanama. Unkakongoletsedwa ndi makina ena, osati zidindo, ndipo podindanso nthawi zambiri ankausiya mmene unalili. Makopeki 5 a mtanda anali ndi mkombero wa ukonde. Makopeki a mitambo ena anali ndi ukonde, ena mawu otchula malo amene anasulidwira: St Petersburg, Moscow kapena Ekaterinburg. Makopeki 2 ambiri a Elizabeth ochokera ku Ekaterinburg analinso ndi mawu otchula mzindawo. Werengani mkombero wa khobidi lanu. Mukapeza zilembo zoyamba ndi ЕКАТЕР pa khobidi lomwe pankhope pake pakuti MM, muli ndi umboni wokwanira woti linabadwira kwina n'kudzadindidwanso ku Moscow, ngakhale pankhope pakanakhala poyera. Mukapeza dzina la Moscow kapena St Petersburg, ganizirani kopeki ya mitambo ndipo bwererani kukafuna mitamboyo ndi tochi. Mawuwo amakhala ophwanyika ndi okhota chifukwa cha kutambasuka kwa mkuwa, ndipo zimenezo n'zoyenera. Mkombero wakuthwa, wowongoka ngati wasulidwa dzulo, pa khobidi lodindidwa kanayi, ndiwo wokayikitsa.

Khobidi lachiwiri ndilo lili ndi nkhani yokoma. Mu 1796 boma la Catherine II, motsogozedwa ndi ganizo la Platon Zubov, linayambanso kuwirikiza mtengo wa mkuwa kufika pa maruble 32 pa pud. Makopeki 5 anadindidwa kukhala 10, makopeki 2 kukhala 4. Chithunzi chake chinali chosavuta: mbali imodzi chilembo chachikulu cha dzina la mfumukazi pansi pa chisoti chachifumu, chozunguliridwa ndi madontho owerengera mtengo, mbali inayo mtengo wolembedwa m'mizere yowongoka, chaka cha 1796 chili pansi. Catherine anamwalira mu November chaka chomwecho ndalamazo zisanatulutsidwe kwa anthu. Mwana wake, Paul I, anathetsa ntchitoyo n'kulamula kuti zonse zibwezedwe pa mtengo wakale. Mu 1797 anazidinda ndi zidindo za chithunzi chakale cha Catherine zokhala ndi zaka zam'mbuyo, ndipo chopezeka kwambiri ndi 1793 EM. Ziliponso za zaka zina, monga 1794 AM ndi 1796 EM. Zilembo EM pamenepa sizitsimikizira kuti ntchitoyo inachitikira ku Ekaterinburg, popeza zidindo za zilembo zimenezi zinagwiranso ntchito m'malo ena. Motero khobidi lanu, ngati lili la gulu limeneli, linadindidwa komaliza mu 1797, ndipo 1796 kukhala pansi pake n'kolondola.

Koma makopeki 5 wamba a 1793 EM, osulidwadi mu 1793 pa mkuwa watsopano, aliponso ambirimbiri, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Chaka ndi zilembo zokha sizipanga khobidi kukhala la Paul. Pamafunika zotsalira za 1796. Onani ngati kutsogolo kwa 96 wanuyo kuli 17 mumzere womwewo, ngati pamwamba pake pali zidutswa za mawu owongoka, ndipo kumbali inayo funani madontho akuluakulu oyenda mozungulira chakumphepete, omwe anali khumi, ndi mapindikidwe aakulu a chilembo E choposa kukula chija cha m'nkhata. Chimene simuyenera kuchipeza monga chosanjikiza chapamwamba ndi ng'oma ndi nyenyezi. Zikapezeka zikhale zofooka, zochokera pansi penipeni, kusonyeza kuti khobidilo linadutsanso mu 1762. Mkombero wa makopeki 5 a EM ndi ukonde, koma pa ena a gulu la Paul mumapezeka mizere yopendekera ngati chingwe chopota, nthawi zina itadutsa pamwamba pa ukonde wakale. Pa makopeki 2 a 1793 a gulu lomweli, zilembo EM zimapezeka m'mbali mwa kavalo pa ena ndi pansi pa kavalo pa ena, ndipo makatalogi amawapatsa manambala osiyana.

Pali zinthu zitatu zimene zimafanana ndi kudindanso koma si zimenezo. Khobidi likalumpha m'makina n'kugundidwa kawiri ndi zidindo zomwezo, chithunzi chachiwiri chimakhala chofanana ndendende ndi choyamba, chaka chomwecho, zilembo zomwezo, zitangosuntha. Zidindo ziwiri zikagundana popanda khobidi pakati, chimodzi chimasiya chizindikiro pa chinzake, ndipo makobidi otsatira amatuluka ndi mthunzi wa mbali yawo yomwe yakuseri, zilembo zake zili chagada ngati pakalilore. Zilembo za khobidi lakale siziwerengeka chagada, zimangopendekera. Chachitatu n'chofunika kwa inu: osula ankakonza chaka pachidindo chenichenicho, kugoba nambala yatsopano pamwamba pa yakale. Pamenepo nambala yakale imakhala pamalo pomwe pali yatsopano, yakuthwa, ndipo kwina konse n'koyera. Mwanena kuti 96 wanu ali pamalo pomwe sipayenera kukhala nambala, ndiye si zimenezi.

Tsopano za chinyengo, komwe mfundo ya mnzanu imagwira ntchito. Popeza makobidi a 1762 ndi 1796 anadindidwanso pafupifupi onse, amene anapulumuka ndi ochepa, makamaka a 1796, ndipo ndiwo amakopa achinyengo. Njira yawo yochenjera ndi kugula makopeki 5 enieni otha a Catherine, omwe ndi otsika mtengo, n'kuwadinda ndi zidindo zamakono. Mkuwa ndi wakale, kulemera n'kolondola, mkombero ndi weniweni, zotsalira zikuoneka. Chimene chimawagwira ndi kalendala. Pansi pa makopeki 10 a 1762 payenera kukhala khobidi la Elizabeth. Mukawerengapo 1779, kapena mukaona zilembo za dzina la Catherine II, kapena zilembo AM za ku Anninskoye komwe anayamba kusula mu 1789, ndi lachinyengo, palibenso zokambirana. Yang'ananinso kutha kwake. Khobidi la makopeki 10 lodindidwa mu 1762 linali litayenda m'manja zaka zosaposa zinayi kapena zisanu, choncho mkombero ndi nkhope ziyenera kutha mofanana. Mkombero wotheratu pa nkhope yakuthwa ukutanthauza kuti kudindako kunachitika mochedwa kwambiri. Maenje a dzimbiri nawonso amalankhula. Dzimbiri lodya khobidi litadindidwa kale limasiya maenje a milomo yokhakhala, odula zilembo. Maenje a milomo yophwanyika ndi yosalala, opanikizika pansi pa chithunzi, akusonyeza kuti khobidi linayamba lagona m'nthaka kenako n'kudindidwa.

Achinyengo ena amangothira chitsulo chosungunuka m'chikombole chotengedwa pa khobidi lenileni, ndipo zotsalira zimakoperedwa limodzi. Zoterezi zimakhala ndi timaenje tozungulira ta mpweya, zilembo zofewa, ndi msoko kapena zizindikiro za tupa mumkombero. Njira yachidule yowagwirira ndi iyi: popeza makobidi ankagwera m'makina mwachisawawa, awiri enieni sakhala ndi zotsalira zofanana ndendende. Fufuzani zithunzi za makopeki 5 a 1793 EM a gulu la Paul pa intaneti. Mukapeza lina lomwe 96 wake ali pamalo omwewo, mopendekera chimodzimodzi, ndi ming'alu ndi zipsera zofanana ndi lanu, onsewo anachokera m'chikombole chimodzi.

Gulu lina ndi la novodel, makobidi amene nyumba zosulira ndalama za boma zinkasulira osonkhanitsa patapita zaka zambiri, mpaka mchitidwewo unaletsedwa mu 1890. Si achinyengo, ali ndi msika wawo, koma si a nthawi yolembedwapo. Kawirikawiri amakhala ozungulira bwino, odindidwa pakatikati ndi mwamphamvu, ndipo nkhope yake ndi yoyera kuposa mmene khobidi lodindidwa mothamanga mu 1762 kapena 1796 lingakhalire.

Ngati mupitiriza kusonkhanitsa, mudzakumana ndi ang'onoang'ono. Denga ndi theka la kopeki, polushka ndi gawo limodzi mwa anayi. Mu 1730, Anna atalowa ufumu, muyezo unakhala maruble 10 pa pud, ndipo denga inalemera magalamu 8.19, chimodzimodzi kopeki ya Peter I ya maruble 20 pa pud. Choncho madenga ambiri a 1730 mpaka 1735 ali pamwamba pa makopeki a Peter, ndipo chizindikiro chake ndi mawu ozungulira m'mphepete, popeza denga ya Anna ilibe mawu m'mphepete. Chaka chapansicho musachifune m'manambala athu, chifukwa pa makopeki ambiri a Peter chinalembedwa ndi zilembo za Chisilavo. Mapolushka a zaka zomwezo, a magalamu 4.1, ali pa madenga a Peter I kapena pa makopeki opepuka a Peter II a 1728. Mumzere wa magalamu 10.24 muli msampha: mukawerenga kuti makopeki awiri pansi pa kopeki ya Catherine, ndi a 1762 kapena 1796, osati a Elizabeth, omwe ndi olemera kawiri. Palinso makobidi ochepa amene kholo lawo ndi lachilendo kapena losafika pa muyezo. Makopeki ena a Elizabeth a kumapeto kwa zaka za m'ma 1750 anadindidwa pa ma öre a ku Sweden, ndipo pansi pake pamaoneka mivi yopingasana ndi zilembo za Chilatini. Makopeki ena a Catherine a 1788 ali pa madenga akale a chithunzi cha nthawi ya Anna, n'chifukwa chake amapepuka. Ena a ku Moscow a 1795 ali pa makobidi a ku Sadagura, osulidwira Moldavia ndi Wallachia pa nkhondo yolimbana ndi Turkey m'zaka za 1771 mpaka 1774. Pambuyo pa 1797 kudindanso kwa unyinji kunatha, moti zotsalira pa khobidi la mkuwa la m'ma 1800 zimafuna kukayikiridwa kaye.

Za mtengo, kudindidwanso pakokha sikukweza khobidi la gulu lomwe pafupifupi onse ndi odindidwanso. Loyamba lanu ndi la gulu lotere, ndipo ogula amawonjezera ndalama pokhapokha chaka chapansi chikuwerengeka chonse, kapena zosanjikiza zitatu zikudziwika bwino, kapena mkombero ndi wa mawu osapezekapezeka. Lachiwiri n'losiyana, chifukwa zotsalirazo ndizo zimalisamutsa kuchoka pa 1793 wamba kupita ku gulu la Paul, lomwe lili ndi nambala yakeyake m'katalogi ya Bitkin ya ndalama za ku Russia ndipo limagulidwa mokwererapo. Polemba kapepala ka khobidi lililonse ikani kulemera, kutambalala kwake poyeza mbali ziwiri zopingasana, mtundu wa mkombero, zimene mwawerengadi pansi ndi mbali imene zili. Zongoganizira muzilembe padera.

Musawatsuke. Mizere ya zotsalira ndi yopyapyala kwambiri, ndipo nthawi zambiri imaoneka chifukwa chikutu chofiirira cha mkuwa chinakhala mosiyana m'mbali mwake. Mandimu, viniga, phulusa, mchenga ndi mankhwala opukutira mkuwa zimachotsa chikutucho pamodzi ndi umboni, ndipo khobidi lofiira ngati latsopano limatsika mtengo nthawi yomweyo. Ngati pali dothi, viikani m'madzi opanda mchere (distilled water) ogulitsidwa ku famase kapena othira m'mabatire, sinthani madziwo tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi, tokosani mofatsa ndi kamtengo kofewa, ndipo umitsani bwinobwino. Chobiriwira cholimba chosalala chisiyeni. Chobiriwira chotuwa chonga ufa, chimene chimabwereranso mukachipukuta, ndi matenda a mchere amene amadya mkuwa kukakhala chinyezi, ndipo khobidi lotere lipatuleni kwa anzake n'kuliika m'botolo lotseka bwino limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC timasiya utoto wobiriwira womata pa mkuwa, makamaka nyengo ya dzinja, ndiye gwiritsani ntchito timaenvulopu ta pepala lopanda asidi kapena timabokosi tolimba. Pogula kabokosi ka makopeki 5 yezani khobidilo kaye pambali yake yotambalala kwambiri, chifukwa lodindidwa katatu nthawi zambiri silikwana m'kabokosi kopangidwira makopeki 5 wamba.